Khofi Timamwera pa Formia

Ife a ku Napoli nkhani yaikulu sitiinena ndi njala, ndipo tikakwera sitima ya ku Roma, chakudya sitimasula tisanafike pa Formia, pomwe nyanja imaonekera. A Aniello, bambo wofedwa mkazi, imvi mbuu, lamulo limeneli ankalidziwa kuposa katekisimu. Tsikulo ankaperekeza a Nunziata, mayi wamasiye woyandikana nawo nyumba, amene ankasamukira kwa mwana wawo ku Roma, ulendo wosabwerera. Mawu oti "musapite, tikwatirane" anawasunga kuti awanene akamwa khofi.

"Dzulo munati muli ndi mawu mukamwa khofi," anatero a Nunziata sitima itangonyamuka, uku akutulutsa fulasiki. "Khofi uja ndi uyu."

"Aa, mayi, khofi amatsirizira. Tiyamba makaroni okazinga ndi mazira, kenako tchizi, kenako mapichesi. Zonsezo pa Formia."

"Sitima ino sidutsa pa Formia."

"Ya ku Roma iliyonse imadutsa pa Formia. Ndinabadwa ikudutsa."

"Ino ndi yothamanga ija. Njanji yake imadzera kumtunda."

"Ndiye nyanjayo aisamutsiranso kumtunda?"

"Ayi, nyanja ili pomwe ija."

"Eyatu! Tiiona."

A Aniello anakumbatira dengu la chakudya ngati wina akufuna kuwalanda. Pawindo mapiri ankangoti zii kudutsa, iwo n'kumanena kuti akuwadziwa onse, ndi aja a kufupi ndi Formia. A Nunziata anayankha kuti mapiri salembedwa mayina, n'kuyamba kudinadina foni. Zimenezi zinawawawa a Aniello: munthu mtima uli m'mwamba, mnzako ali pa foni.

"Tingodyako pichesi limodzi?"

"Pichesi makaroni asanalowe? Kodi takhala a ku Milano?"

"Ayi, ndife a ku Napoli."

"Ndiye dikirani."

Mawu a pa chimkuzamawu analengeza kuti sitima ikulowa mu Roma. A Aniello anati mtsikana wolengezayo walakwitsa, ngwatsopano pantchito. Koma anthu anali atayamba kale kutsitsa zikwama. Apa m'pamene a Aniello anagwira mfundo ya nsalu ya padengu, mfundo nayo inakana.

Anatsika dengu lili chimangire. Pakati pa chipiringu cha pasiteshoni, a Aniello anamva chisoni chenicheni, chosakanikirana ndi njala.

"Basi, mayi. Pitani bwino. Mawu aja atsala pa Formia."

"Ndikudziwa. Munati mawu pambuyo pa khofi, khofi pa Formia." A Nunziata anawaonetsa foni. "Ndagula matikiti awiri a sitima yakale yobwerera, ija yoima paliponse, ngakhale pa Formia. Mwana ndamuuza kuti asandidikire."

A Aniello anakumbatiranso dengu lija.

"Koma tikafika pamenepo mudzatafune msanga, a Aniello. Yankho ndinaphika chaka chatha, likungodikira funso."