Anandisiya Paphiri Chifukwa cha Ulemu

Abale ndi alongo, mtendere wa Ambuye ukhale ndi aliyense amene awerenge izi. Ine si munthu wa mawu ambiri, ndipo amene timapemphera limodzi kuno ku Glasgow akudziwa kuti sindinaimepo kutsogolo kupereka umboni. Koma chaka chatha mu Okutobala ndinagona maola anayi paphiri, fupa la akakolo litathyoka, chisanu chikundidya, popanda munthu wodziwa pamene ndinali. Ndikanafera pomwepo. N'chifukwa chake ndalemba.

Ulendowo anakonza ndi Yamikani, injiniya wa kumpingo kwathu amene amakhala ku Hillhead. Anati abambo tonse tikakwere phiri lina kumpoto, pamwamba pa nyanja, kuti tidziwane. Anatumiza mndandanda pa gulu lathu la pafoni: nsapato za m'mapiri, jekete losalowa madzi, magolovesi, tochi, wezulo. Ndinauwerenga pa nthawi yopuma kudepoti ya mabasi kumene ndimagwira ntchito, ndipo ndinaseka ndekha. Ine ndinakulira m'munsi mwa phiri la Mulanje. Ndisanalembe mayeso a fomu folo ndinali nditatsitsa kale matabwa pamutu kuchokera pamwamba, phazi lili pansi. Lero munthu wokulira m'mpanda ku Lilongwe, amene phiri ankalionera pawindo la galimoto ya bambo ake, andiuze chovala?

Ndipo kunena zoona, mpaka lero sindikuona nzeru ya masewera amenewa. Kwathu munthu amakwera phiri kukatenga chinthu, kaya nkhuni, kaya bowa, kaya mankhwala. Kuno amakwera kuti akajambulitse pamwamba, atsike chimanjamanja, kenako Lolemba azitopetsa anzawo kuntchito ndi zithunzizo. Ndinapita chabe chifukwa abusa anati akuluakulu tisasowe. Ndinavala nsapato zanga zachikopa za Lamulungu, jinzi ndi jekete la nsalu, n'kutenga ambulera.

Tinakumana ku Shawlands, abambo asanu ndi anayi. Anzangawo anali atavala ngati akupita kumwezi, aliyense ndi ndodo ziwiri ngati mwendo wadwala. Yamikani anayang'ana nsapato zanga. Anangoti, "Ankolo, muli bwino choncho?" Ndinati ndili bwino. Nkhani inathera pomwepo, chifukwa kwathu mwana sauza wamkulu kuti wavala molakwika.

Patatha maola awiri pa minibasi tinafika. Nyanjayo ndi yopapatiza, madzi ake akuda, yopanikizika pakati pa mapiri opanda mtengo. M'mphepete mwake muli tchalitchi chakale kwambiri chamiyala, chopanda denga, udzu uli m'kati, manda ali mbali zonse. China chotere chili pakachilumba. Akuti zinamangidwa zaka mazana ambiri zapitazo. Tinapeza alendo akujambula makoma, nkhosa zikudya pamene panali guwa. Ndinati mumtima, anthu amene anatibweretsera Uthenga ndi awa, lero nyumba za Mulungu wawo asandutsa zoonera ndi makola. Anzanga nawo anayamba kujambulana, wina atatsamira mwala wa pamanda, mano onse ali pamtunda.

Ola loyamba ndinatsogola, ndipo ndinkaonetsetsa kuti aone kuti ndatsogola. Kenako chifuwa chinayamba kukana. Zaka khumi ndi zinayi za pampando wa basi zinandipeza pamenepo. Njira inali matope ndi miyala yonyowa, nsapato zikuterera ngati ndaponda sopo. Mphepo inapinda ambulera n'kuisandutsa mafupa okhaokha. Mmodzimmodzi anandipitirira, aliyense akuti, "Pepani ankolo, tidutse nawo."

Apa m'pamene ndinachimwa. Kuti ndinene kuti ndatopa pamaso pa ana amenewa, ndinaona kuti bola kufa. Ndinakhala pamwala n'kunena kuti, "Tsogolani, ndikufuna ndipemphere pandekha. Ndikupezani." Ndinanamizira Mulungu kuti ndibise wefuwefu. Iwo anavula zipewa, wina anati ameni, n'kumapita. Amuna asanu ndi atatu, ena a madigiri awiri, anayang'ana munthu wa zaka makumi asanu ndi zinayi milomo itachita bii, akulephera kumaliza chiganizo, ndipo palibe anatsala. Wamkulu akati akupemphera sasokonezedwa. Ndiwo ulemu wathu umenewo.

Atabisika, ndinaganiza zotsika ndekha kuti akandipeze kuminibasi ndili phee. Nyanja inkaoneka pansi ngati lamba wakuda, tchalitchi chija ngati kabokosi ka machesi. Ndinasiya njira kuti ndidule motsata kamtsinje, monga tinkachitira kwathu. Koma dothi la kuno ndi lachinyengo. Pamwamba udzu, pansi madzi. Ndinatitimira mpaka m'mawondo kawiri. Kachitatu ndinadumphira pamwala wa ndere, phazi linapita kwake, thupi kwake, ndipo ndinamva thyo! Ndinagwera m'kachigwa, msana m'madzi.

Kenako nkhungu inatsika. Nyanja inasowa, phiri linasowa, ngakhale mwala umene unandigwetsa sindinkauonanso. Foni inalibe netiweki. Ndinakuwa monga tinkaitanirana ocheka matabwa, koma kuno kulibe wotola nkhuni woti akuyankhe. Jinzi inamwa madzi n'kuuma ngati chitsulo. Ndinanjenjemera mpaka mano kupweteka, kenako kunjenjemerako kunayamba kuchepa ndipo tulo tabwino tinayamba kubwera. Ndinadziwa kuti tulo timeneto si tabwino. M'maganizo ndinaona mkazi wanga kunyumba ku Maryhill akuitana anthu a mpingo kuti akambirane zotumiza bokosi kumudzi. Ndinaona anthu akwathu akufunsana kuti anakatani kuphiriko, n'kusowa woyankha. Imfa yopusa chotere sindinaimvepo.

Pamenepo ndinapemphera, ulendo uno moona. Silinali pemphero lokongola. Ndinati, "Ambuye, ndinakunamizirani. Ndine chitsiru. Musandisiye ndigone." Ndinabwereza mawu omwewo mpaka lilime kulemera.

Chimene chinabwera ndi galu. Anandinunkhiza kumaso, n'kuyamba kuuwa osalekeza. Pambuyo pake panatulukira mayi wokalamba wa kuno, tsitsi loyera, wamfupi, ali ndi ndodo ziwiri zomwe zija ndinkaseka m'mawa. Anagwada, n'kundigwira pakhosi, n'kuyang'ana nsapato za Lamulungu zija kumapazi kwanga. Mawu ake oyamba anali akuti, "Bambo inu, ukwati wake uli kuti?" Anandikoka kundichotsa m'madzi, ine ndikulira ngati mwana, n'kundilowetsa m'thumba lonyezimira ngati pepala lokulungira nyama. Anandimwetsa tiyi wa shuga wambiri wa m'fulasiki. Anatulutsa kachipangizo kotumiza uthenga ngakhale popanda netiweki, n'kuitana opulumutsa anthu m'mapiri.

Anakhala nane pafupifupi maola awiri, atandikumbatira kumsana kuti ndifunde, ndipo sanasiye kundikalipira. Ndikatseka maso ankandimenya patsaya. Anafunsa kuti anzanga ali kuti. Nditamuuza kuti anandisiya chifukwa ndinati ndikupemphera, anati, "Ndiye kuti nonse ndinu zitsiru. Paphiri munthu sasiyidwa, ngakhale atakutukwana." Palibe mkazi anandiyankhulapo chotero chibadwire. Ndinamufunsa ngati amapemphera. Anati m'tchalitchi amalowamo pa maliro pokha. Anati tsikulo sanafune n'komwe kudzera mbali imeneyo, koma galu anakana njira ina. Inu muganize zimene mukufuna. Ine ndikudziwa amene anakoka galuyo.

Opulumutsa anafika kukuyamba kuda, amuna ndi akazi ongodzipereka, osalipidwa. Anandimanga pamachira n'kunditsitsa mosinthana, akuterera m'matope omwewo, wina akundifunsa za mpira kuti ndisagone. Pansi, pafupi ndi tchalitchi chopanda denga, ndinapeza abale anga ataima mozungulira, atagwirana manja, akupemphera mokweza. Ndinamva pambuyo pake kuti atatsika n'kundisowa, anakhala m'minibasi ola lathunthu akudya masangweji, akuuzana kuti ankolo akadali pamaso pa Ambuye, tisawathamangitse. Nkhawa inawagwira ataona galimoto ya opulumutsa. Lamulungu lotsatira wina anaimirira kutchalitchi n'kunena kuti mapemphero awo ndi amene ananditsitsa. Ndinamva ndili m'chipatala, ndipo bola ndinali kutali.

Anandiika zitsulo m'mwendo. Dokotala anati mwendo sunali nkhani, chimene chikanandipha ndi chisanu. Ndinakhala miyezi itatu pakhomo. Yamikani yekha ndiye anabwera kudzapepesa. Anakhala m'mphepete mwa mpando, manja ali pakati pa mawondo, n'kunena kuti, "Ankolo, nsapato zija ndinaziona, milomo ndinaionanso. Ndinaopa kukuchititsani manyazi." Ndinamuuza kuti manyazi amapola, ndipo mlandu waukulu ndi wanga. Ndinamukhululukira. Enawo ndinawakhululukiranso, ngakhale sanapemphe, koma sindingayende nawo ngakhale kupita kumsika.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu amene anali atangomunamizira kumene. Ndikuthokoza mayi uja, amene dzina lake sindinalifunse ndipo iye sanasamale kulinena. Ndikuthokoza mkazi wanga, amene anandisambitsa miyezi yonseyo osanena mawu amene anali ndi ufulu wonena.

Inu amene mwagona m'dzenje limene munakumba nokha, ndipo mukuchita manyazi kuitana Mulungu chifukwa mukudziwa kuti cholakwa n'chanu, itanani choncho. Musagone. Thandizo likhoza kubwera ndi munthu amene simungamupatse moni pabasi, ndipo likhoza kubwera likukukalipirani. Lilandireni. Ndipo inu achinyamata a m'mipingo yathu, ulemu umene umasiya munthu kuti afe mwaulemu ndi mantha chabe ovala jekete. Wamkulu akakuuzani kuti tsogolani, muyang'aneni kumaso kaye.

Ndinabwerera kuntchito yoyendetsa basi mu Febuluwale. Kukazizira ndimatsimphina, ndipo masitepe a nyumba yathu ndimakwera mopumira. Koma ndimakwera ndi miyendo yanga, ndipo pakhomo amanditsegulira ndi mkazi wanga, osavala zakuda. Ambuye alemekezeke.