Anakwirira Nthochi M'manda Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a m'mbali mwa nyanja ndi inu a kumtunda, mtendere ukhale nanu nonse. Ine ndine Matiyasi, msodzi wa usipa wa kufupi ndi Msumba, tsidya lino la Mozambiki. Umboni wanga ndi wa matenda a m'chifuwa amene anandigwira nthawi ya mliri wa korona. Koma ndinene mosapsatira mawu: ine amene ndikukupatsani moni pano ndili ndi manda anga. Anakumbidwa, anakwiriridwa, ndipo udzu ukamera ndimapita kukalambula ndekha.

Amene munali kuno nthawi imeneyo mukukumbukira mmene mudzi unazizirira. Tchalitchi anatseka, belu linakhala chete, maboti opita ku Likoma anaima. Chimene chinkayenda momasuka ndi mphekesera basi. Ena ankati munthu akatengedwa ndi anthu ovala zoyera sabwerera, ndipo akafa amamukulunga m'pulasitiki n'kumuponya m'dzenje osamusambitsa, popanda nyimbo, abale ataima patali ngati alendo. Ena ankati ovala zoyerawo ndi anamapopa aja, angosintha malaya. Ndiye titamva kuti kwabwera gulu la ofufuza za matenda, loyenda mudzi ndi mudzi kufunsa za otsokomola ndi za maliro, aliyense wa chifuwa anaphunzira kutsokomolera m'bulangeti.

Ine chifuwa changa chinali chitayamba kale, nyengo ya mwera. Ndinkati ndi mphepo ya panyanja, paja msodzi sadandaula chifuwa. Koma sichinathe. Ndinayamba kutuluka thukuta mpaka mphasa kunyowa, chakudya chinandikana, ndinaonda mpaka mkazi wanga Esinati anaboola bowo lina pa lamba wanga. Tsiku lina ndikusoka ukonde pagombe ndinatsokomola, ndipo pamchenga panagwa magazi. Achimwene anga a Barnaba anali pomwepo. Anafotsera magaziwo ndi phazi.

Ndikuuzeni za achimwenewa, kuti musawaweruze msanga. Bambo athu anaphedwa pa nkhondo ya pachiweniweni ija ife tikuthawira ku Likoma, ndipo mpaka lero sitidziwa pamene anagona. A Barnaba ndiwo anandilera, ndipo titabwerera kuno analumbira kuti wa m'banja mwathu sadzatayidwanso ngati galu. Choncho ataona magazi aja, mumtima mwawo anati korona yalowa m'nyumba, mphwawo wapita, chatsala ndi kuteteza mtembo. Anandiuza kuti akandibisa mpaka ofufuza aja atadutsa. Ine ndinavomera, chifukwa nanenso pulasitikiyo ndinkaiopa kuposa imfa yeniyeniyo.

Anandigoneka m'bwato m'mawa, n'kundifunditsa ukonde wa chilimira kuti oona aziti akupita kukasodza. Kuseri kwa phiri lolowa m'nyanja kuli kagombe kobisika pakati pa miyala, kumene anthu ankabisala nthawi ya nkhondo. Kulibe njira ya pamtunda. Kunali kamsasa ka udzu ndi mathandala akugwa oyanikapo usipa, ndipo anandisiya m'menemo. Esinati ankabwera ndi phala pa bwato la mlongo wake. Achimwene anamulamula kuti azisiya mbale pa mwala n'kubwerera, koma mkazi wanga ndi wamakani ngati ine ndemwe. Ankadzimanga chitenje kumphuno n'kudzandimwetsa.

Malo amenewo, abale, sindingawafunire ngakhale mdani wanga. Dzuwa likafika paliwombo kunkakhala zii, moti ndinkamva chifuwa changa chikuimba likhweru. Kutali panyanja nkhungu, tintchentche ta m'madzi tija, zinkakwera ngati utsi wa nyumba yakupsa, n'kuima, kenako n'kuyamba kusendera pang'onopang'ono kumene ndinali. Ndabadwira panyanja, nkhungu ndadya, koma masiku amenewo ndinkaziopa. Panalinso ng'azi yaikulu imene inkabwera pakhomo pa msasa. Ng'azi imathawa munthu, koma iyi inkangondiyang'ana ikutulutsa lilime, ngati ikudziwa kuti ameneyu si munthunso.

Tsiku limene sindidzaliiwala ndinali chigonere chagada, maso otseka, mphamvu zitatheratu. Ndinamva bwato likukhudza mchenga, kenako mapazi oyenda monyang'ama. Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Anali achimwene, atanyamula bango lalitali. Anagwada n'kuligoneka pambali panga, nsonga ina kumutu, ina kumapazi. Kenako ndinamva kuti thyo! Anathyola lotsalalo. Inu nonse mukudziwa ntchito ya bango lotere. Ndi muyeso umene adzukulu amapita nawo kukakumba manda, ndipo sayezera munthu wopuma. Dontho lofunda linagwera pa phazi langa, ndipo ndinadziwa kuti akulira. Sindinatsegule maso. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinali ndi mantha oti ndikayankhula mwina mawu satuluka, mwina ndafadi osadziwa.

Mawa lake mphepo inachokera kumudzi, ndipo inabweretsa kulira kwa hamala: go, go, go. Ndinafunsa Esinati kuti akukhoma chiyani. Anayang'ana kumbali n'kunena kuti akukonza boti. Ine boti ndakhomapo, ndimadziwa kulira kwake. Pambuyo pake m'pamene anandiuza kuti anazula chitseko cha nyumba yathu n'kuwonjezera matabwa ena kupanga bokosi, ndiponso kuti achimwene ndi alamu anga anakumba manda mobisa n'kuvindikira ndi mabango. Ankafuna kuti ndikangotsirizika andisambitse, andiimbire, andiike msanga ovala zoyera asanamve.

Apa ndiye ndinakwiya, ndipo mkwiyo wanga ndinauthira pa Mulungu. Ndinamuuza kuti ndaimba m'kwaya yake kuyambira ndili mnyamata, ndasenza miyala yokonzera nyumba yake, nanga bwanji akundilekerera kuti ndifere pamaso pa ng'azi? Nditatopa ndi kudandaula, pemphero langa linachepa. Ndinati, "Ambuye, za moyo mukudziwa ndinu. Koma nditumizireni munthu woti andiyang'ane ngati wamoyo." Ndinalibe ngakhale mphamvu yonena ameni.

Patapita masiku angapo, chakumasana, ndinamva injini. Kumeneko sikufika boti la injini. Ndinakwawa mpaka pakhomo, ndipo ndinaona chinthu choyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, chopanda nkhope, chikutsika m'boti n'kuyamba kuyenda pamiyala. Kumbuyo kwake kunali Esinati. Ndinati mkazi wanga wandipereka kwa anamapopa. Ndinafuna kuthawira m'miyala, miyendo inakana. Ndinangobwerera pamphasa n'kutseka maso.

Mapazi anaima pakhomo. Kenako ndinamva mawu a mzimayi, m'Chinyanja chathu chomwechi: "Odi kuno, bambo Matiyasi. Tilowe?"

Abale, chibwerere changa kumeneko palibe amene anandiodira. Anthu ankangolowa, monga alowera m'nyumba ya maliro. Ndinalira ngati mwana, ndipo ndinati alowe.

Anadzitchula kuti ndi dona Zainabu, namwino wa gulu la ofufuza lija, wochokera ku banja la Chisilamu la ochita malonda a nsomba ku Metangula. Kuseri kwa galasi la kunkhope kwake ndinaona maso a munthu wotopa. Anandifotokozera kuti ntchito yawo ndi kufufuza chimene chikupha anthu m'midzi, chifukwa ambiri ankafera m'nyumba osayezedwa ndipo chilichonse chinkangotchedwa korona. N'chifukwa chake ankafunsa za maliro. Tsiku limenelo akudutsa njira ya kumanda anaona dothi latsopano ndi dzenje lovindikira, koma m'mudzi munalibe kulira, munalibe moto wa pamaliro, amayi ankangopita kumadzi ngati masiku onse. Anafunsa kuti mandawo ndi a yani, aliyense anakana. Atafika pagombe n'kufunsa amayi otsuka mbale, Esinati anagwetsa mphika n'kuyamba kulira.

Dona Zainabu sanandikakamize. Anandipempha kupisa kathonje m'mphuno, kadontho ka magazi a pachala, ndi makhololo m'kabotolo, n'kunena kuti ndikhoza kukana chilichonse chimene sindikufuna. Pa magazipo ndinabweza dzanja. Iye anaseka n'kunena kuti udzudzu wa mumsasamo wandipopa kale ochuluka kuposa amene akufuna iye, ndipo sunapemphe n'komwe. Ndinapereka chala. Tinadikira pang'ono, tizipangizo take toyezera tili pa mwala. Kenako anandiuza kuti korona sinapezeke, malungo nawonso ayi. Anati akukayikira chifuwa chachikulu, matenda akale amene ali ndi mankhwala, koma makhololo ayenera kukayezedwa pa makina kuchipatala, ndipo ine ndipite nawo limodzi chifukwa ndafooka kwambiri.

Tili mkati mokambirana, achimwene anatulukira pa bwato, akupalasa ngati wamisala. Anatsika nkhafi ili m'mwamba n'kuima pakati pa ine ndi boti. Anakuwa kuti mtembo wa mphwawo sutengedwa ndi munthu aliyense, ngakhale abwere a polisiya. Namwino uja sanabwerere m'mbuyo. Anati, "Bambo, ine sindinadzere mtembo. Munthuyu akupuma, tamumverani."

Achimwene sanasunthe. Pamenepo ndinakoka mpweya wonse umene unatsala m'chifuwa mwanga.

"Achimwene, bango lija ndinalimva. Ndinali maso."

Nkhafi inagwa pamchenga. Achimwene anakhala pansi, manja kumutu. Kenako anadzuka, anapempha mashikara, kansalu kotchinga pakamwa, n'kuvala kumphuno, ndipo anandinyamula okha kukandiika m'boti, monga ankandiberekera tikuthawa nkhondo. Anakwera nawo, ndipo sanachoke pakhomo pa chipatala masiku onse amene ndinagona kumeneko.

Makina anatsimikiza kuti chinalidi chifuwa chachikulu. Anandiyambitsa mapilitsi oti ndimwe miyezi yambiri osadumphitsa, ndipo Esinati, ana ndi achimwene anayezedwanso. Dona Zainabu ankabwera kudzandizonda. Anandiuza kuti si ine ndekha, m'midzi ina anapezanso anthu obisidwa m'minda ya chinangwa, akufa ndi matenda ochizika chifukwa choopa matenda atsopano. Anati zimenezi azifotokoza mu kafukufuku wawo, kuti mliri wina ukadzabwera achipatala asadzaiwale matenda akale. Taonani, ine wa Angilikani, woimba m'kwaya, Mulungu ananditumizira Msilamu, atavala ngati chilombo chimene ndinkachiopa. Chifukwa chake sindinamufunse.

Nditabwerera kumudzi manda aja anali akadali apululu, ndipo anthu anali atasiya kudutsa njira imeneyo. Akuluakulu anati manda okumbidwa sakwiriridwa opanda kanthu chifukwa amaitana munthu, ndipo eni ake okumba aikemo thunthu la nthochi. Anandiuza kuti ine nditsale kunyumba, ndinakana. Ndinapita nditatsamira Esinati, m'mawa dzuwa likuwala bwino, n'kuima m'mphepete mwa dzenje langa. Linali la msinkhu wanga ndendende, achimwene sanalakwitse muyeso. Anatsitsa nthochi ija n'kuponyamo bango lija. Itafika nthawi yoponya dothi loyamba, achimwene anatapa dothi koma analephera kuliponya. Ndinawagwira dzanja, tinatapa limodzi, tinaponya limodzi.

Bokosi analiphwasula, chitseko chinabwerera pakhomo pake. Chili ndi mabowo a misomali, ndipo Esinati amandivutitsa kuti ndiwatseke chifukwa amalowetsa udzudzu. Ine ndimakana. M'mawa kuwala kukalowera m'mabowomo ndimati zikomo Ambuye, matabwa awa akunditsekera m'nyumba, osati m'dothi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ameni. Ndikuthokoza Esinati chifukwa cha makani ake, dona Zainabu ndi anzake kulikonse kumene ali, ndi achimwene anga, amene anasokera chifukwa chondikonda. Inu amene muli ndi wodwala m'nyumba, kapena inu nomwe mukutsokomolera m'bulangeti, limbani mtima, pempherani, ndipo pitani mukayezetse, musabisane. Mwina anthu akutayani kale, mwina inunso mwamva bango likuthyoka pambali panu monga ndinalimvera ine. Musavomere. Muyeso wa munthu wopuma uli m'manja mwa Mulungu, ndipo m'manda anga mwagona nthochi.