Tinanyamula kompyuta kukagulitsa kwa Che Yusufu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, kulikonse kumene mawuwa akupezeni. Ine ndine bambo wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Namitambo kuno ku Chiradzulu, ndipo ndili ndi mwendo umodzi. Wina akamva kuti umboni wanga ndi wa kompyuta yochedwa akhoza kuseka, koma kompyutayo inatsala pang'ono kundithetsera banja.

Kale ndinkachita kabaza wa njinga yamoto. Tsiku lina lole inandigunda, ndipo nditatsitsimuka kuchipatala ndinapeza kuti mwendo wakumanzere awudula m'munsi mwa bondo. Kabaza anathera pomwepo, khasu nalonso ndinalisiya. Kwathu kuno mwamuna amakhala kuchikamwini, choncho ndinabwerera kumudzi kwa mkazi wanga Esinati ndikuyendera ndodo, kukadya za m'munda umene sindingaulime.

Achimwene anga a ku Limbe ndi amene anandimvera chisoni. Anandibweretsera kompyuta yakale ya patebulo, nati ndiziikira anthu nyimbo ndi mafilimu m'mafoni mwawo. Ndinapeza malo pakhonde la sitolo ina pa Namitambo. Poyamba zinkayenda. Madzulo ndinkafika pakhomo ndi usipa ndi sopo, ndipo ndinayambanso kudziona ngati mwamuna.

Kenako kompyuta ija inayamba kuchedwa. Ndikaiyatsa m'mawa, ndinkatha kumwa tiyi mpaka kumaliza iyo isanadzuke. Ndikadina mawusi, inkangoti zii. Inkalira ngati chigayo, inkatentha, ndipo nthawi zina inkazima yokha ntchito ili mkati. Za m'kati mwake sindinkadziwa kanthu. Ndinkangoizimitsa n'kuiyatsanso, kuimenya pang'ono m'mbali, mwinanso kuichonderera ngati munthu.

Tsidya lina la msewu kunali Che Yusufu, bambo wachisilamu amene ankagwira ntchito yomweyi ndi kompyuta yothamanga. Anthu anga anayamba kuwolokera kumeneko mmodzimmodzi. Achinyamata anatcha malo anga kuti kwa a Nkhono, ndipo ankanena ine ndikumva.

Tsiku limene linandisweratu mtima ndi limene kunabwera amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu. Anali pa ulendo wa kumsonkhano, ndipo ankafuna ndiwaikire nyimbo zawo m'fulashi. Anabwera kwa ine dala, pofuna kuthandiza Mkhristu mnzawo. Anaima pamenepo ndi yunifolomu yawo, dzuwa likuwaotcha, minibasi ikuliza hutala, kompyuta osasuntha. Pomaliza amayi otsogolera kwayayo anazula fulashi yawo mwaulemu.

"Pepani achimwene, nthawi yatithera," anatero osandiyang'ana kumaso.

Ndinawaona akuwoloka msewu, ndipo posakhalitsa ndinawaona akukwera minibasi, ntchito yawo itatheka.

Kuyambira pamenepo ndinkangokhala pakhondepo tsiku lonse, n'kubwerera chimanjamanja. Esinati ndiye anasenza banja lonse. Akachoka kumunda kwathu ankapita kukachita ganyu wothyola nandolo, tsiku lina wosenza njerwa. Anaonda mpaka mafupa a m'khosi kuonekera. Mwana wathu wamkulu, Chikondi, anayamba kujomba kusukulu kuti azithandiza mayi ake. Ine ndinkangodya chakudya chawo.

Lamulungu lina masana kunabwera amalume ake a Esinati, amene ndi eni mbumba. Anakhala naye pansi pa mtengo wa mango, ine ndili m'nyumba, ndipo sanavutike n'kutsitsa mawu.

"Mwanawe, ukudyetsa ana atatu, wachinayi ndi wandevu. Uferanji? Bamboyu abwerere kwawo, abale ake akamusunge."

Ndinatchera khutu kuti ndimve yankho la mkazi wanga. Ndinangomva akufwenthera. Sindinamuimbe mlandu, chifukwa nanenso ndinaona kuti amalume akunena zoona.

Abale, ndinasiya kupita kutchalitchi. Ndikati ndipemphere, mawu sankabwera. Ndinkamufunsa Mulungu kuti anandipulumutsiranji pamsewu paja ngati cholinga chake chinali choti ndikhale katundu wa mkazi wanga. Masiku ena ndinkalakalaka lole ija ikanangondimaliza. Ndinkaona ana anga akusewera pabwalo n'kumaganiza kuti akanakhala bwino popanda ine.

Pomaliza ndinauza Esinati kuti tigulitse kompyutayo, zimene tipezepo zikhale za ana, ine ndizipita kwathu. Iye anandiyankha kuti:

"Bambo a Chikondi, ngati mwatero tigulitsa. Koma tipemphere kaye."

Anagwada, nati: "Ambuye, mukutiona. Ife nzeru zatithera." Pemphero lake linali lomwelo basi. Ine ngakhale ameni sindinanene.

Pa Namitambo panalibe wina amene akanagula kompyuta yotero kupatula Che Yusufu, munthu amene anthu anga onse anathawira kwa iye. M'mawa mwake Esinati anaisenza pamutu, ine ndikutsatira ndi ndodo zanga, anthu akutiyang'ana. Ndinawauza Che Yusufu kuti aigule, mwina angapezemo zitsulo zothandiza.

Iwo anailumikiza kumagetsi, natchera khutu kumva kulira kwake, kenako anamasula chivundikiro. M'kati monse munali fumbi lokhalokha, logwirana ngati thonje, ndipo fani yoziziritsa inkachita kuvutika kuti izungulire.

"Achimwene, iyi sinafe. Yangobanika," anatero.

"Ingogulani, ine ndatopa," ndinayankha.

"Ndikagula lero, mawa mudzadya chiyani?"

Anauza anthu amene ankawadikira kuti abwere madzulo. Anatenga pampu ya njinga ndi kaburashi, nachotsa fumbi lonse lija. Kenako anandikhazika pambali pawo kuti ndiziona zonse. Anandionetsa mavayirasi amene analowa kudzera m'mamemori kadi a anthu, n'kuwachotsa. Anatseka mapulogalamu ambiri amene ankadzitsekukira okha kompyuta ikangoyaka. Anandionetsanso kuti ndinaidzaza mpaka kukhosi ndi mafilimu obwerezabwereza, ndipo tinafufuta onse osafunika. Nthawi ya swala itakwana anapita kumzikiti, ife n'kutsala tikuwalondera malo. Atabwerako anasolola kompyuta yawo ina yakufa pansi pa tebulo, nazulamo kachitsulo kotchedwa ramu, kamene kamathandiza kompyuta kugwira ntchito zambiri nthawi imodzi, n'kukalowetsa mu yanga.

Ataiyatsa, inadzuka Esinati asanamalize kumanga chitenje chake. Phokoso lija linatheratu. Tinayesa kuika nyimbo m'foni yake, ndipo zinalowa nthawi yomweyo. Mkazi wanga anakhala pansi padothi n'kuyamba kulira. Nditafunsa za malipiro, Che Yusufu anapukusa mutu. Ndinawafunsa chifukwa chimene akuthandizira munthu wopikisana nawo.

"Bambo anga anali osaona," anatero. "Ndikudziwa mmene anthu amamuonera mwamuna amene wakhala pansi. Komanso anthu a pa Namitambo ndi ambiri, ndekha sindingawathe."

Sindikunamizani kuti mavuto onse anatha. Mwendo sunamerenso, ndipo amalume aja moni wawo akadali wozizira, ngakhale nkhani yondithamangitsa sanaiyambenso. Koma ndikugwira ntchito. Ndinaphunzira kupukuta fumbi, kuyeza memori kadi iliyonse ndisanaitsekule, ndiponso kusiya malo opumira m'kompyuta. Mwana wathu anabwerera kusukulu, ndipo ine ndinabwerera kutchalitchi. Munthu akafuna nyimbo zauzimu, Che Yusufu amamulozera kwa ine, amati iwo sazidziwa bwino.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la mkazi wanga pa nthawi imene ine ndinalibe chikhulupiriro ngakhale pang'ono. Ndikumuthokozanso Esinati amene sanandisiye. Inu amene mwafika potopa, amene mukudziona ngati mtolo kwa abale anu, musadziweruze nokha kuti zanu zatha. Ngati mawu opemphera akusowani, lolani wina akupempherereni. Ndipo musamusankhire Mulungu munthu woti amutume, chifukwa ine anandidutsitsa pa Akhristu anzanga onse n'kukandipereka m'manja mwa munthu amene sindikanamupempha kanthu. Limbani mtima, abale. Ambuye akusungeni.