Mankhwala Opaka a Mudzi

Pa depoti ya Zomba, mayi wachikulire ankayang'anitsitsa kachubu kamene kanali m'manja mwa mayi wachitsikana.

"Pepanitu mayi, amenewo si mankhwala opaka a mudzi?"

"Ndi omwewo. Ndagulira bambo akunyumba. Amapalasa kabaza ku Chinamwali, koma pano akulephera kukhala pachishalo."

"Magazi akutuluka?"

"Eya, akapita kuchimbudzi. Koma kuchipatala akukana, ati sangavule pamaso pa anamwino."

"Amuna anganso ankatero. Ndinkawapaka ndekha, ululu n'kumaleka, ife n'kumati akuchira."

"Ndiye anachira?"

"Sunali mudzi wokha, inali khansa ya m'matumbo. Tinawaika chaka chatha. Kawapakeni ndithu, mwananga, koma mawa muwakokere kuchipatala, ngakhale akutukwaneni."