Tsiku Limene Mabwana a ku Mponela Anatsika Masitepe

Abusa, moni. Akulu ampingo, amayi, abambo, ndi inu anyamata akumbuyo amene mwabisa mafoni m'Mabaibulo, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Aleluya! Ayi, imeneyo ndi aleluya ya munthu wotsegula m'mimba. Aleluya! Eya, choncho.

Ndikufuna kuchitira umboni. Abusa andiuza kuti ndifupikitse, koma wotchi ndilibe, ndiye andikhululukira.

Ine ndine Banda, wa kutsidya kwa dambo, njira yopita ku Chisepo. Mwana wanga wamkazi, Nabanda, mukumudziwa. Miyendo yake inafota ali wamng'ono, amayenda pa njinga yopalasa ndi manja. Ndipo zimene zinkanenedwa pa mjigo ndikuzidziwa: akuti Banda anakhwimira mwana kuti fodya wake azilemera pa sikelo. Musayang'ane pansi amayi, dzina sinditchula. Koma mudzabwere mudzaone chigafa changa mmene chikudonthera, mundiuze ngati munthu wokhwima amakhala chotero.

Ine sukulu ndinaithawa ndisanadziwe kulemba bwino, koma mwanayu anaphunzira. Fomu folo anakhoza, za makompyuta anakaphunziranso. Ndiye kunabwera kachitidwe katsopano m'mabungwe awa a magalimoto oyera. Akalengeza ntchito amati, aliyense waulumali amene ali ndi mapepala oyenera tidzamuitana ku intavyu, sitimusiya. Ine nditamva ndinavina. Kwathu kuno mwini munda akakuitana, ndiye kuti khasu lako lapeza polima. Munthu saitana waganyu kuti angomuona nkhope. Ndinapha tambala, abale anga. Tambala wanga wofiira anafera bodza.

Kuitana ankaitanadi, pamenepo sindiwanamizira. Ku Dowa anamuitana. Ku Ntchisi anamuitana. Ku Lilongwe anamuitana. Womuperekeza anali amayi ake. Akafika, apeza maofesi ali m'mwamba. Amayi ake amasula nsalu, kumubereka kumbuyo ngati khanda, mtsikana wamkulu wovala suti yobwereka, kukwera naye masitepe anthu akuonerera. M'katimo timafunso tiwiri, kenaka, "Tamwetulirani, tikujambuleni." Kujambula! Kenaka chakumwa chozizira, kenaka, "Tikuimbirani." Foni ija tinkaigoneka pa mtsamiro ngati mwana wodwala. Osalira. Tikamva, ntchito yapita kwa mlamu wake wa winawake. Chaka chino kuitana, chaka chinacho kuitana. Mwana wanga anasanduka mbale zija za m'kabati, zotulutsa alendo akabwera, alendo akapita n'kuzibwezera.

Anasiya kudya bwino. Anasiya kutuluka, anasiya kuyankhula ndi anthu. Tsiku lina ndinamumva akuuza amayi ake kuti, "Amayi, ine ndine katundu basi." Abale, mawu amenewo anandilasa. Ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukakangana ndi Mulungu. Abusa, tsekani makutu. Ndinati, Inu Ambuye, ngati munalenga mwanayu kuti azingojambulidwa, bwanji simunangomupanga kalendala?

Mwezi wathawu anamuitananso, bungwe lina la alimi ku Mponela. Amayi ake anali ku Chezi, akugona pa siwa ya mlongo wawo. Nabanda anati sindipita. Ndinamunyengerera. Ndinati, "Tiyeni a Nabanda, ndikuperekezani ine, mwina nkhope yanga yoipayi iwaopsa." Tinakwera lole ya fodya, njinga itamangidwa pamwamba pa mabelo.

Tafika, nyumba yosanja. Masitepe ake ngati phiri la Ntchisi. Pamenepo mpamene ndinaliona vuto. Ine ndine bambo wake. Inu mukudziwa mwambo wathu: mwana wamkazi akatha msinkhu, bambo sulowa kuchipinda kwake, sumugwira ngakhale phewa. Chikulireni chake, dzanja langa silinamukhudzepo.

Mlonda wa pakhomo anati, "Madala, dzina laitanidwa kale. Mberekeni mukwere naye, mabwana sadikira munthu."

Ndinati, "Iwe, uli ndi mwana wamkazi?"

"Ndili naye."

"Wakula?"

"Akuyamwa."

"Ndiye tseka pakamwa."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mayi aliyense woti atithandize. Kunali amuna okhaokha akabaza, atatsamira njinga zawo, akudikira kuonerera. Ndinavula jekete. Mumtima ndinati makolo anga atembenukire kukhoma, asaone. Ndinagwada kutsogolo kwa njinga, msana kwa iye. Ndinati, "Kwerani a Nabanda."

Sanakwere. Kenaka ndinamva, "Ababa, dzukani. Valani jekete."

"Ntchito ipita, mwana wanga."

"Ipite. Amayi ndawathyola msana, inu sindikuvulani ulemu pamsewu." Ndiye anatembenukira kwa mlonda uja. "Achimwene, kawauzeni kuti amene anamuitana wafika, ali pansi pano. Masitepe awo akuwadziwa, za miyendo yanga ndinawauza."

Mlonda anakwera akung'ung'udza. Ife padzuwa. Anzake ofunsira ntchito akutsika mmodzimmodzi, kutilambalala ngati chitsa. Ine ndikupemphera, koma pemphero lake si lija lophunzitsa ana a Sande sukulu.

Kenaka kunatsika bwana wina wa tayi yofiira, foni ili m'manja. Anati, "Pepani asisi, m'mwambamu tapanikizika. Tingokujambulani pompano, zioneke kuti munabwera."

Nabanda anaphimba nkhope ndi mapepala ake. Anati, "Mafunso kaye."

Bwana uja anayesa kumanzere, mapepala kumanzere. Anayesa kumanja, mapepala kumanja. Akabaza aja kuphulika kuseka. Ndipo ine, mbuli ine, ndinazindikira pomwepo kuti chithunzicho ndiwo munda wawo: popanda icho, eni ake owatumizira chithandizo akawafunsa kuti aulumali aja munalonjeza ali kuti.

Abale, anatsika! Anatsika onse, tebulo ali nalo, mayi wina wa nsapato zazitali akutsika cham'mbali ngati nkhanu. Intavyu inachitikira pakhonde, m'fumbi, mbuzi zikudutsa. Sindinama kuti ndinamva, chinali Chingerezi. Koma mafunso anali ambiri, enieni, ofunsa munthu, osati aja ofunsa mbale ya m'kabati.

Sabata yathayi foni inalira. Amulemba.

Dikirani, musaombe m'manja msanga. Amulemba moyesa, akuti aone kaye. Desiki amuikira pansi, m'kachipinda kosungira masache ndi matumba a mbewu. Chimbudzi chili m'mwamba. Mwamva? Chimbudzi chili m'mwamba! Ndiye mwana wanga azipita kuntchito osamwa madzi. Mkwiyo wanga sunathe, ndipo sindinyenga Mulungu m'nyumba mwake kuti watha.

Koma dzulo ndamuona akusita yekha malaya, akuimba. Wadya mpaka kupempha zina. Mawa akuyamba. Ndikuthokoza Mulungu amene anandidzutsa pamene ndinagwada, amene anaika mawu m'kamwa mwa mwana amene anasiya kuyankhula. Ine ndinkapempha msana wolimba, Iye anatsitsa tebulo. Zikomo Ambuye. Zikomo, ngakhale munachedwa.

Tsono ndikuona ena mukutukula makosi, mukufunsa kuti mwini nkhani ali kuti. Ali panja. Ali pansi pa masitepe a tchalitchi chino, amene tinamanga tokha ndi njerwa zathu, matope ndinaponda nawo ine. Amayi ake anamasula kale nsalu m'mawa uno, iye wakana. Wati kuberekedwa kunatha.

Ndiye kondwerani nane, abale, koma kukondwerako tikachitire kumene kuli mwini wake. Akwaya, nyamulani ng'oma. Amayi a nthungululu, patsogolo. Inu a mafoni, dzukani. Abusa, tsogolani ndinu. Masitepe ake ndi ochepa, simuthyoka. Amen.