Lumo la a Paison

Kuno ku wailesi ya ku Lusaka, makalata a ku Ntcheu afika m'thumba limodzi. Tiwawerenga monga anatsatirana.

A Paison Jumbe a ku Biriwiri akudziwitsa abale ndi abwenzi kuti mlamu wawo Selestina, mkazi wa a Redson amene ali ku Joni, wasowa, mwana wake Aida ali kumsana. Mwanayo ali ndi malungo, kamfuno sakuleka, thupi lonse mabala akuda. A Paison, amene udokotala anauphunzira pokumba mbatata, apeza kale kuti mayiyo amamenya mwana. Akuti abwerere msanga, pakuti lumo latsopano lotemera Aida mphini lagulidwa ndipo sing'anga akudikira. Chilengezochi chachokera kwa a Paison.

A Selestina akudziwitsa alamu awo kuti sanasowe. Ali pachipatala cha pa Boma, pomwe anafika wapansi. Dokotala wawauza kuti mabalawo si a ndodo: malungo achepetsa tizinthu ta m'magazi timene timatseka bala, ndipo mwana wotere ukamutema, magazi sasiya. Akuchonderera kuti Eliya, mwana wa a Paison, amene anamusiya akutentha thupi, asamuyandikize lumo, abwere naye. Chilengezochi chachokera kwa a Selestina.

A Paison akuitana akuluakulu a banja Lachisanu kudzakamba za mtengwa amene wayamba kuphunzitsa amuna nzeru. Akuti mphini zinalera makolo athu, ndipo lumo logulagula silingachite dzimbiri chifukwa cha mawu a mkazi. Inde, lumo n'lofunika kulisamala. Chilengezochi chachokera kwa a Paison omwe aja.

Ichi ndiwerenga mmene chalembedwera, nthabwala zandithera. Banja la a Jumbe likudziwitsa abale a ku Biriwiri ndi ku Sharpevale kuti Eliya, wa zaka zinayi, watisiya Lachinayi atataya magazi ambiri pa mphini zimene anamutema. Msonkhano uja walephereka. Chilengezochi chachokera kwa a Dailes, mayi wa mwanayo.

Chomaliza. A Selestina akudziwitsa a Redson ku Joni kuti Aida wayamba kudya ndipo mabala akuzilala. Mtima wawo ukuwawa chifukwa cha Eliya, amene anamubereka kumsana ngati wawo. Loweruka adzakhalapo pa mwambo wa kumeta, ndipo mutu wawo adzaupereka. Akupempha alamu awo kuti asavutike kugula lumo lina, lija likadali lakuthwa. Chilengezochi chachokera kwa a Selestina, mayi uja womenya ana.