Mitsuko Inayi ya Bambo Kachigamba

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1931 kuno ku Bembeke, ndipo anabatizidwa dzina loti Rafaelo Kachigamba. Ndikuyankhulane ndine Bartholomew, mng'ono wawo. Sukulu anaphunzira ku mishoni mpaka Sitandade 6. Kumeneko ndi komwe tinaonera kanema woyamba, pa chinsalu chopachika pakhoma. Ife tinabwerako tikusimba za zithunzi, iwo akusimba za mawu.

Mu 1956 anamanga ukwati woyera ndi mayi Bernadetta. Mu 1960 anayamba ntchito yocheka matabwa m'munsi mwa Phiri la Dedza, ndipo anakhala zaka 27 pakati pa phokoso la macheka.

Atapuma ntchito mu 1987, mwana wawo Ackim anawatumizira TV ndi vidiyo kuchokera ku Joni. Malemu anachotsa masipika m'mawailesi akale, nawaika m'mitsuko inayi, umodzi pa ngodya iliyonse ya pabalaza kunyumba kwawo paboma la Dedza. Lamulungu tikachoka ku Misa tinkadzaza nyumba. Aphunzitsi ndi amalonda akafuna kubwereka tepi ya kanema, ankayamba afunsa iwo kuti yabwino ndi iti. Makanema a nkhonya ankawakana, amati ndi phokoso chabe. Ankayamikira kanema wina wa mvula, momwe bingu linkayambira kutsogolo n'kukathera kumsana kwako. Tsiku lina mayi Bernadetta anathamangira panja kukaanula zovala, kunja kuli dzuwa.

Koma macheka aja anali atawononga kale makutu awo. Pofika 1990 sankamva ngakhale belu la tchalitchi. Chaka chomwecho makoswe anadula mawaya a mitsuko iwiri yakumbuyo. Apa ndiyenera kuulula pamaso panu. Tonse tinadziwa, koma palibe anawauza. Mawaya awo sankalola munthu kukhudza, ndipo tinkati munthu wamkulu sauzidwa kuti chake chafa. Kwa zaka ziwiri ankaitana alendo, kuwakhazika pakati, n'kumaloza kumbuyo nthawi ya bingu, ife n'kumatembenuka ngati tamva kanthu. Ine ndinkachita kugwira pachifuwa monga wodzidzimuka. Tinkayesa ndi ulemu.

Lamulungu pa 3 Meyi 1992, kanema ali mkati, anagwira mtsuko wakumbuyo kuti aupukute fumbi. Unali zii, osanjenjemera. Anagwira winawo, chimodzimodzi. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, kenaka anazimitsa vidiyo. M'mawa mwake ndinalumikiza mawaya aja osapempha, ntchito ya mphindi khumi zokha, koma vidiyoyo sanaiyatsenso. Sanauzenso munthu kanema woti aonere. Tikawagwedezera mutu pa nkhani iliyonse, ankayang'ana kumbali.

Kudya kunayamba kuchepa. Chisanu cha Juni chinawapeza ali ofooka, chifuwa chinakula, ndipo pa 29 Juni tinapita nawo kuchipatala. Ine ndinazengereza masiku anayi. Pa 3 Julayi ndinalemba mawu opepesa papepala, poti kuyankhula sakanamva, koma ndinapeza atatseka kale maso. Pepalalo lili m'thumba mwangamu.

Asiya mayi Bernadetta, ana awiri, Ackim ndi Monika, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi ine. Tikuthokoza abambo mfumu, a kwaya, amayi a Chikatolika, adzukulu okumba manda, ndi anzawo a kumacheka omwe apereka matabwa a bokosi. Mzimu wa achimwene uuse mumtendere. Ine wotsalane, mtenderewo sindikudziwa komwe ndikaupeze.